Laputopu yakale ikakanidwa ndi Windows 11: tisankhe Linux iti?

(NYIMBO YOTSEGULIRA, KENAKO ITSIKE)

Lero mu pulogalamu yathu ya za makompyuta ndi mafoni tikamba za laputopu, makamaka zija ambirife tili nazo: zogula kwa munthu, zobwera ndi achibale ochokera ku Joni kapena ku UK, zimene zinayamba zagwira ntchito zaka zingapo mu ofesi zakunja zisanafike m'manja mwathu. Ngati yanu ili pafupi, iyandikizeni, chifukwa pali zina zoti tionere limodzi.

Pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 10. Sikuti laputopu yanu inazima tsiku limenelo ayi, ikuyakabe ndipo mukulembabe. Chimene chinatha ndi zigamba zotseka mipata imene akuba a pa intaneti amalowera. Microsoft inapereka njira yowonjezera chaka chimodzi kwa amene analembetsa, koma kumeneko ndi kungozengereza. Iwo akuti tisamukire ku Windows 11. Vuto lake ndi lakuti Windows 11 imasankha makina. Imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0, ndiponso purosesa yatsopano, imene kwa Intel ndi ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, yomwe inayamba kutuluka mu 2017.

Mungadziwe bwanji m'badwo wa yanu? Pa Windows tsegulani Settings, mupite pa System, kenako About. Muona mawu ngati Core i5-4300U kapena i5-6200U. Pa mapurosesa ngati amenewa, nambala yoyamba pambuyo pa kamzere ndiyo m'badwo. Ikakhala 4, 5 kapena 6, Windows 11 yakukanani. Ndiye kuti ThinkPad T440, Dell Latitude E6440, HP EliteBook 840 G3, makina olimba amene adzadza m'makoleji ndi m'maofesi athu, onsewo ali kunja kwa mpanda. Pomwepo muonenso RAM, ngati ndi 2GB, 4GB kapena 8GB, ndipo nambala imeneyo muisunge, tiifuna posachedwa.

Makina amenewa sanafe. Chofunika kusintha ndi operating system, pulogalamu yaikulu ija imene imayamba kudzuka mukadina batani loyatsira, n'kumayendetsa kiyibodi, sikirini, Wi-Fi ndi mapulogalamu ena onse. Windows ndi imodzi chabe mwa izo. Ina ndi Linux, ndipo ndi imene tabwerera lero.

Linux anaiyamba mnyamata wa pa yunivesite ya Helsinki ku Finland, Linus Torvalds, mu 1991. Zipangizo zambiri zoizungulira zinachokera ku ntchito ya GNU imene Richard Stallman anayambitsa ku America mu 1983. Anthu amenewa anagwirizana pa lamulo limodzi: malangizo onse amene pulogalamu yalembedwa nawo akhale poyera, aliyense akhale ndi ufulu wowawerenga, kuwasintha ndi kugawira anzake. Ndicho chimene chimatchedwa open source. Kwa inu ndi ine tanthauzo lake ndi losavuta. Mukhoza kuitsitsa pa intaneti osalipira, kuiika pa makompyuta khumi, kukopera mnzanu pa fulashi, ndipo palibe lamulo limene mwaswa. Mawu aja otuwa a pakona ya kumanja m'munsi mwa sikirini, akuti Activate Windows, amene ambiri tinawazolowera ngati kuti anabadwa ndi laputopu, ku Linux kulibe. Ndipo musaganize kuti ndi chinthu chachilendo kwa inu. Ngati foni yanu ndi ya Android, mkati mwake muli Linux. Makompyuta 500 amphamvu kwambiri padziko lonse akhala akuyendera Linux onse kuyambira mu 2017.

Tsopano apa ndi pamene oyamba kumene amasokonezeka. Mukafufuza mawu akuti Linux, simupeza chinthu chimodzi. Mupeza Ubuntu, Mint, Fedora, Debian, Zorin, Arch, Kali, ndi mayina ena mazanamazana. Ufa ndi umodzi, ophika ndiwo ambiri: gulu lililonse limatenga Linux yomweyo, n'kusankha maonekedwe ake, mapulogalamu obwera nawo, ndi kuchuluka kwa zaka zimene lidzaisamalire. Ndiye funso lenileni ndi lakuti, ndi gulu liti limene linaganizira munthu amene sanaionepo Linux chibadwire?

Ndiyambe ndi zoti muzisiye. Achinyamata ambiri amathamangira Kali Linux chifukwa anaiona m'mafilimu a akatswiri othyola makompyuta. Kali inapangidwira anthu amene ntchito yawo ndi kuyesa chitetezo cha makompyuta a mabanki ndi makampani, ndipo eni ake omwe amanena poyera kuti si ya munthu amene akuphunzira Linux. Mukaiika kuti muzilembera asayimenti, mudzadana ndi Linux popanda chifukwa. Arch nayo ndi ya anthu okonda kumanga chilichonse ndi manja awo. Fedora ndi yabwino ndithu, koma imatuluka yatsopano miyezi 6 iliyonse ndipo iliyonse imasamalidwa kwa miyezi pafupifupi 13 yokha. Kusamuka pafupipafupi kotero kumadya bandulo, ndipo kwa ife bandulo ndi ndalama ya ndiwo.

Zotsala zoti tiziganizire mofatsa ndi za banja limodzi. Gogo wake ndi Debian, imene Ian Murdock anayamba mu 1993. Pa Debian panamangidwa Ubuntu, imene inatuluka koyamba mu Okutobala 2004 ndi ndalama za Mark Shuttleworth wa ku South Africa, kudzera mu kampani yake ya Canonical. Pa Ubuntu panamangidwanso Linux Mint, imene Clément Lefèbvre wa ku France anayamba mu 2006, komanso Zorin OS ya anyamata awiri apachibale a ku Dublin ku Ireland. Ubwino wa banja limeneli ndi wakuti yankho la vuto la pa Ubuntu nthawi zambiri limagwiranso pa Mint ndi pa Zorin, choncho thandizo silisowa.

Ubuntu ndiyo yotchuka kwambiri. Mukaisankha, yang'anani zilembo zitatu izi: LTS. Imeneyo ndi imene imatuluka mu Epulo zaka ziwiri zilizonse n'kusamalidwa zaka 5. Nambala yake imanena yokha: 24.04 ndiye kuti Epulo 2024. Koma Ubuntu ili ndi zinthu ziwiri zimene sindizikonda kwa munthu woyamba kumene. Maonekedwe ake ndi osiyana ndi Windows, mapulogalamu amandandalikidwa m'mbali kumanzere, ndipo munthu amatha masiku akufufuza pamene zinthu zili. Chachiwiri ndi kulemera. Fayilo yoikira Ubuntu 24.04 ndi ya pafupifupi 6GB, ndipo pa laputopu ya RAM ya 4GB imayenda mokoka miyendo.

Ine ndikafunsidwa, ndimayankha mosazungulira: yambani ndi Linux Mint. Zilembo zake ndi M, I, N, T. Mukaiyatsa koyamba, batani la menyu lili pansi kumanzere, wotchi ili pansi kumanja, mafoda anu ali pamene munthu wozolowera Windows 7 angawayembekezere. Firefox yotsegulira intaneti ilimo kale, LibreOffice yolembera makalata ndi kuwerengetsera ndalama ilimonso. Mint 22 inatuluka mu 2024 ndipo idzasamalidwa mpaka 2029. Eni ake amati imafuna RAM ya 2GB, koma kuti muisangalale pakhale 4GB, ndi malo osachepera 20GB pa disiki. Fayilo yake ndi ya pafupifupi 3GB, theka la ya Ubuntu.

Mint imabwera m'mitundu itatu, ndipo apa ndi pamene nambala ija ya RAM ikugwira ntchito. Ngati muli ndi 8GB, kapena 4GB pa makina amene sanakalambe kwambiri, tengani yotchedwa Cinnamon. Ngati muli ndi 4GB pa makina otopa, kapena 2GB, tengani Xfce, imene ndi yopepuka. Yachitatu, MATE, ili pakatikati. Zorin nayo ndi yokongola ndipo imafanana ndi Windows, sindingakuletseni, kungoti ili ndi mtundu waulere ndi wina wolipira wotchedwa Pro, ndiye muonetsetse chimene mukutsitsa. Amene muli ndi makina akalekale a 32-bit, a nthawi ya Windows XP, Mint ya masiku ano sikwera pamenepo. Funsani za antiX, koma pakhale wodziwa pafupi.

(NYIMBO PANG'ONO)

Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, tikukamba za kusankha Linux yoyenera munthu woyamba kumene, ndipo tafika pa gawo limene ndikufuna mulimvetsere kwambiri.

Dzina la Linux limene ndatchula lisakhale mawu omaliza. Woweruza weniweni ndi laputopu yanuyo, ndipo Linux ili ndi mwayi umene Windows sipereka: mukhoza kuiyesa yonse kuchokera pa fulashi osakhudza kanthu kalikonse ka pa disiki yanu.

Zimatere. Pezani fulashi ya 8GB yopanda kanthu, chifukwa zonse za mmenemo zifufutika. Tsitsani fayilo ya Mint pa tsamba la eni ake, linuxmint.com, osati pa malo ena alionse amene akulonjeza kuti yawo ndi yachangu. Ngati bandulo ndi yovuta, sonkhanani anthu angapo, mmodzi atsitse usiku kapena pa Wi-Fi ya kusukulu, ena onse akopere. Kumeneko si kuba, ndi mmene eni ake anafunira. Kenako fayiloyo simangoiponya pa fulashi ngati nyimbo ayi. Imalembedwa ndi kapulogalamu kena kaulere, Rufus kapena balenaEtcher, ndipo zimatenga mphindi zochepa.

Zimitsani laputopu, lowetsani fulashi, yatsani, ndipo chizindikiro cha kampani chikangooneka dinani batani losankhira poyambira. Pa Dell ndi pa Lenovo nthawi zambiri ndi F12, pa HP ndi F9, pa Asus ndi Esc. Mukachedwa, Windows idzuka monga mwa masiku onse, palibe chaonongeka, ingoyambaninso. Mukasankha fulashi, dikirani pang'ono, ndipo Mint idzaonekera pa sikirini, yathunthu.

Pamenepo musathamangire chithunzi chija cholembedwa Install. Khalani nayo kaye ola limodzi. Dinani kachizindikiro ka netiweki pansi kumanja muone ngati hotspot ya foni yanu ikuoneka. Tsegulani kanema mumve ngati mawu akutuluka, mulowetse mahedifoni muone ngati sipika yakhala chete. Dinani mabatani owonjezera ndi ochepetsa kuwala. Yendetsani zala ziwiri pa touchpad. Ngati mumachita misonkhano ya pa intaneti, yesani kamera ndi maikolofoni. Muli ndi pulinta? Ilumikizeni musindikize tsamba limodzi. Za HP zambiri zimangogwira zokha, pamene zina za makampani ena zimafuna kuzisakira pulogalamu yake. Kuchokera pa fulashi zinthu zimayenda pang'onopang'ono kusiyana ndi mmene zidzayendere mukaiika, choncho liwiro lisakukhumudwitseni.

Chimene chimakonda kukana ndi Wi-Fi, makamaka pa laputopu zokhala ndi kachipangizo ka kampani ya Broadcom. Mumayang'ana pa netiweki, mulibe dzina ngakhale limodzi, ndipo ambiri amagwa mphwayi pomwepo. Mankhwala ake ali m'thumba mwanu. Lumikizani foni ku laputopu ndi chingwe chotchajira, pa foniyo muyatse USB tethering, intaneti ilowa kudzera pa chingwe. Kenako tsegulani Driver Manager pa menyu ya Mint, ikuonetsani chimene chikusowa, inu mungodina. Ngati mwayesa zonsezi koma china chofunika kwa inu chikukanabe, yesani Ubuntu kapena Zorin pa fulashi yomweyo. Mukazimitsa n'kuchotsa fulashi, Windows yanu ili monga munaisiyira.

Tsono ndikuuzeni zimene mudzataye, chifukwa okonda Linux ena amabisa zimenezi, ndipo si bwino. Microsoft Word ndi Excel za pa kompyuta siziyenda pa Linux. Photoshop, CorelDRAW ndi AutoCAD chimodzimodzi. Ngati mumadyera kupanga makadi a ukwati ndi zikwangwani pa CorelDRAW, kapena aphunzitsi anu a za zomangamanga amafuna AutoCAD, musafufute Windows. Zilipo zina zaulere monga GIMP ndi Inkscape, koma dzanja limene lazolowera chida china zaka zambiri silisintha sabata imodzi, ndipo kasitomala sadikira.

Kwa wolemba makalata, malipoti ndi maasayimenti, LibreOffice imakwanira. Writer ndiyo ya makalata, Calc ya masamu ndi ndalama, Impress ya zoonetsa pa msonkhano. Imatsegula mafayilo a Word ndipo imatha kusunga monga docx, ngakhale nthawi zina matebulo amasuntha pang'ono. Mukamatumiza kalata yofunsira ntchito ndi CV, isandutseni PDF, batani lake lili pamwamba pomwepo, ndipo abwana akaona ndendende zimene inu munaona. Ophunzira amene amauzidwa kuti alembe mu Times New Roman 12, zilembo zimenezo sizibwereratu. Fufuzani mawu akuti mscorefonts mu Software Manager, muziike kamodzi, nkhani yatha. Chrome, Zoom ndi VLC zonse zili ndi mitundu ya Linux, WhatsApp mumaitsegula mu Firefox. Ndipo kwa ife olemba Chichewa pali kena kosangalatsa: chilembo chija cha ŵ chokhala ndi kadenga, chimene timavutika nacho polemba Malaŵi, pa Linux chimalembeka mosavuta. Mumasankha batani limodzi kuti likhale Compose, mukalidina n'kutsatiza kadenga ndi w, chatuluka.

Nanga mavairasi? Nonse mukuidziwa vairasi ija ya pa mafulashi. Mwapita kokasindikiza, pobwerako mafoda onse asanduka ma shortcut, ntchito ya teremu yonse yasowa. Vairasi imeneyo inalembedwera Windows, pa Linux siyenda. Nthawi zambiri mukalowetsa fulashi yodwalayo pa Mint, mafayilo anu amene inabisa amaonekera, mumawakopera n'kufufuta zonyansazo. Koma musamve ngati ndanena kuti Linux ndi chishango cha zonse. Uthenga wabodza wokuuzani kuti mwapambana mphoto, tumizani nambala yachinsinsi, umabera munthu pa kompyuta ya mtundu uliwonse.

Mwayesa, mwakhutira, mukufuna kuiika. Choyamba koperani zonse zofunika, zithunzi, masatifiketi, mafayilo a bizinesi, pa disiki ina kapena fulashi ina, ndipo mutsegule angapo muone kuti akoperekadi. Ngati Windows yanu inatsekedwa ndi BitLocker, lembani kiyi yake papepala musanayambe. Ganiziraninso za magetsi. Laputopu zambiri zakale batire inatha kalekale, moti chingwe chikangosuntha yazima. Kuika Mint kumatenga mphindi 20 kapena 30, ndipo magetsi akathima pakati pa kugawa disiki mukhoza kutaya zonse. Sankhani nthawi imene mukudziwa kuti kwanuko magetsi amakhalapo, kapena mupite kumene kuli sola.

Pulogalamu yoikira ikufunsani chilankhulo, kiyibodi ndi dera. Pali kabokosi konena za multimedia codecs, kachongeni kuti nyimbo ndi makanema onse azisewera. Kenako pabwera funso lalikulu. Njira ina ikuti Install alongside Windows, ndiye kuti ziwirizi zikhalira limodzi ndipo poyatsa muzisankha. Ina ikuti Erase disk, ndipo imeneyo imasesa chilichonse, Windows, zithunzi za ukwati, zonse, osabwereranso. Werengani kawiri. Ngati mawuwo sakumveka, imani mufunse, paja safunsa anadya phula. Kwa woyamba kumene amene disiki yake ili ndi malo, ndimalangiza kuti zikhalire limodzi miyezi ingapo. Mudzaona nokha imene mukuitsegula kawirikawiri.

Pasiwedi imene musankhe muisunge bwino, chifukwa Linux imaifunsa nthawi iliyonse imene mukuika pulogalamu kapena kusintha zinthu zikuluzikulu. Tsiku lina mudzatsegula kawindo kakuda kotchedwa Terminal, idzakufunsani pasiwedi, mudzalemba koma pa sikirini sipadzaoneka kanthu, ngakhale kadontho. Kiyibodi sinafe ayi, ndi mmene anaipangira. Lembani mpaka kumapeto mudine Enter. Ndipo lamulo lililonse limene mwalipeza pa intaneti loyamba ndi mawu akuti sudo, musalikopere mu Terminal musanamvetse chimene likuchita, pakuti mawu amenewo amapereka mphamvu zonse pa makina anu.

Masiku oyamba chitani zinthu ziwiri. Tsegulani Timeshift, imene imajambula mmene makina alili kuti china chikasokonekera mubwerere mmbuyo. Kumbukirani kuti imasunga za makina, osati zithunzi ndi makalata anu. Kenako kachishango ka pansi kumanja kakakuuzani kuti pali zatsopano, kalandireni. Mint siikakamiza, siitsitsa zinthu mobisa kapena kudzizimitsa yokha muli pakati pa ntchito, imadikira inu, ndipo imakuonetsani kukula kwa zimene ikufuna kutsitsa. Pa bandulo pomwepo, mu Software Manager mapulogalamu ena amapezeka pawiri, wina wolembedwa System Package, wina Flatpak. Wa Flatpak woyamba amakoka zinthu zambiri zomuthandizira, nthawi zina kupitirira 1GB pa kapulogalamu kakang'ono. Ngati zonse zilipo, tengani System Package.

Amene muli ndi kandalama pang'ono, musanaganize zogula laputopu ina funsani amisiri mtengo wa SSD. Kuchotsa hadi disiki yakale yozungulira n'kuikamo SSD kumasintha liwiro la makina kuposa china chilichonse, kaya muli pa Windows kaya pa Linux.

Kwa inu amisiri okonza makompyuta m'misika ndi m'matauni athu, ndili ndi pempho. Kasitomala akabwera ndi laputopu yokanidwa ndi Windows 11, musangomuikira Windows yothyoledwa n'kumutsanzika. Khalani ndi fulashi ya Mint m'kabati, mumuonetse, ayese yekha, asankhe akudziwa. Aphunzitsi a makompyuta m'masukulu a sekondale, makina aja aunjikidwa pakona chifukwa akuti ndi ochedwa, yesanipo Xfce pa amodzi musanawalembe kuti ndi akufa.

Nthawi yathu yatha. Amene muyese sabata ino, tilembereni mutiuze mtundu wa laputopu yanu, RAM yake, ndi chimene chagwira kapena chakana, kuti pulogalamu ikubwerayi tidzayankhe mafunso anu limodzi ndi limodzi. Koma fulashi ya Mint isalowe mu laputopu mafayilo anu asanakoperedwe kwina.

(NYIMBO YOTSEKERA)